MWALA WA APOPHIS NDI USIKU WA PA 13 EPULO 2029

Mawu amene mphunzitsi adalankhula kwa ophunzira a kalasi ya akuluakulu

Lero tiyambe taika makope pansi. Ndabwera ndi yankho limene ndidalonjeza sabata yatha.

Mukukumbukira kuti titamaliza masamu ochotsera, mayi wina wa m'kalasi muno adaimika dzanja. Adati mwana wawo wamva pa foni kuti m'chaka cha 2029 nyenyezi idzagwa ndipo dziko lidzatha. Mayiwa ayamba kuumba njerwa za nyumba, ndiponso adzala mitengo khumi ya mapeyala. Funso lawo lidali lakuti: "Aphunzitsi, kodi ndipitirize, kapena ndikungodzivuta?" Ena mudaseka. Ine sindidaseke, chifukwa funsolo ndi lolemera. Munthu amene wakhulupirira kuti dziko likutha sadzala mtengo, sakonza khola, satumiza mwana kusukulu.

Ine sindine katswiri wa zakuthambo. Ndine mwana wanu, ndidangophunzirako kusekondale. Koma zimene akatswiri adayeza zidalembedwa, ndipo wodziwa kuwerenga angathe kuzitsata. Yankho ndiperekeretu. Amayi, pitirizani kuumba njerwa. Mwala ulikodi, uli ndi dzina, ndipo udzadutsa pafupi nafe pa 13 Epulo 2029. Koma sudzagunda dziko. Tsopano tione m'mene anthu adadziwira zimenezi, kuti musangovomera chifukwa ndanena ndine.

CHIMENE CHIKUBWERA NDI MWALA

Tiyambe takonza mawu. Nyenyezi ndi madzuwa ena amene ali kutali kwambiri, ndipo ambiri mwa amene timawaona ndi aakulu kuposa dzuwa lathu. Nyenyezi singagwere pa dziko, monga phiri silingagwere m'chikho.

Dziko lathu limazungulira dzuwa. Ulendo umodzi ndiwo timautcha chaka. Pali maiko ena 7 amene amachita chimodzimodzi, ndipo onse pamodzi amatchedwa mapulaneti. Nthanda ija timaiona m'mbandakucha ndi imodzi mwa mapulanetiwa. M'mabuku imalembedwa kuti Venus.

Mapulaneti adapangika zaka zoposa 4,500 miliyoni zapitazo. Mmisiri akamaliza kumanga nyumba, pabwalo pamatsala zidutswa za njerwa. Nakonso kuthambo kudatsala zidutswa za miyala ndi zitsulo, zina zazing'ono ngati mchenga, zina zazikulu ngati mapiri. Miyala ikuluikuluyo imatchedwa asiteroidi. Woyamba kupezeka ndi Ceres, umene Giuseppe Piazzi adauona pa 1 Januwale 1801 ali ku Palermo, m'dziko la Italy. Lero miyala yodziwika ndi yoposa 1 miliyoni. Yambiri imazungulira dzuwa kutali nafe, pakati pa njira ya Mars ndi ya Jupiter. Koma yoposa 30,000 ili ndi njira zoyandikira njira ya dziko lathu. Mwala wa nkhani yathu uli m'gulu limeneli.

Nanga zija timati nyenyezi yathothoka? Tija ndi timiyala tating'ono, tambiri tosaposa njere ya chimanga. Timalowa mu mpweya wa dziko pa liwiro lalikulu, n'kupsa tisanafike pansi.

AMENE ADAUPEZA

Pa 19 Juni 2004, amuna atatu, Roy Tucker, David Tholen ndi Fabrizio Bernardi, ankajambula thambo ndi telesikopu pa phiri la Kitt Peak, ku Arizona, m'dziko la America. Telesikopu ndi makina a magalasi oonera zinthu zakutali. Pa zithunzi zawo adaona kadontho kamene kadasuntha, pamene nyenyezi zonse zidakhala m'malo mwake. Umu ndi m'mene miyala yakuthambo imapezekera. Ujambula malo amodzi kawiri kapena katatu, kenaka uyang'ana chimene chasuntha.

Poyamba mwalawu udapatsidwa nambala yongoyembekezera, 2004 MN4. M'chaka cha 2005 udalandira nambala yake yokhazikika, 99942, ndi dzina lakuti Apophis. Dzinali ndi la njoka ya m'nthano za anthu akale a ku Egypt, imene ankati imalimbana ndi dzuwa usiku uliwonse. Dzina ndi dzina chabe. Tonse tikudziwa ana otchedwa Mavuto amene adakula bwinobwino.

KUKULA KWAKE

Mwala wa Apophis ndi wa mamita pafupifupi 340 m'mimba mwake, tikatenga muyeso wapakati. Suli wobulungira ngati mpira. Ndi wotalikirapo, ndipo zoyeza zikuonetsa kuti uli ndi mbali ziwiri ngati mtedza wosasenda. M'litali mwake umafika mamita pafupifupi 450.

Kuti timvetse, tiyerekeze ndi zinthu zakwathu. Bwalo la mpira ndi lotalika mamita pafupifupi 100. Ndiye kuti mwalawu ndi mabwalo atatu ndi theka oikidwa mondondozana. Khoma la damu la Cahora Bassa ndi lokwera mamita 171, ndipo pamwamba pake ndi lotalika mamita 303. Mwala wa Apophis ukanaikidwa pamenepo, ukanabisa khoma lonselo.

Akatswiri adayeza kuwala kwa dzuwa kumene mwalawu umabweza, ndipo adapeza kuti ndi wa mtundu wa miyala yeniyeni, yokhala ndi chitsulo pang'ono. Sutulutsa kuwala kwake. Umaoneka chifukwa dzuwa likuuwalira, monga mwezi. Poyenda umagubuduzika, ndipo kugubuduzika kwake n'kosalongosoka, ngati chitsononkho choponyedwa m'mwamba. Pamatenga maola pafupifupi 30 kuti uonetsenso mbali yomweyo.

NJIRA YAKE

Tsopano tituluke panja, tijambule pansi. Tiike mtondo pakati pa bwalo. Mtondowo ndi dzuwa. Timange chingwe chotalika mapazi 10, mapazi oyenda munthu wamkulu, ndipo tilembe mzere wozungulira mtondo. Mzerewo ndi njira ya dziko lathu. Mapazi 10 akuimira makilomita 150 miliyoni, umene ndi mtunda wochoka kuno kukafika kudzuwa.

Njira ya Apophis ndi yozungulira nayonso, koma mtondo suli pakati pake penipeni. Mbali imodzi, ikani chikhomo pa mapazi 7 ndi theka kuchokera pa mtondo. Apo ndi pamene mwalawu umayandikira kwambiri dzuwa, makilomita pafupifupi 112 miliyoni, kufupi ndi njira ya nthanda. Mbali inayo, ikani chikhomo pa mapazi 11. Apo ndi pamene umatalikira kwambiri, makilomita pafupifupi 164 miliyoni. Lembani mzere wozungulira wodutsa pa zikhomo ziwirizo.

Mukuona chiyani? Mbali yaikulu ya njira ya mwala ili m'kati mwa njira yathu. Mbali yaing'ono yatulukira kunja. Choncho mizere iwiriyi yapingasana.

Pali chinthu chimodzi chimene sitingachilembe pa dothi. Njira ya mwalawu ndi yopendekera pang'ono, madigiri 3, ngati lichero lotsamira pa linzake. Mbali ina imadutsa pamwamba pa njira yathu, mbali ina pansi pake. Koma pali malo amodzi pamene njira ziwirizi zimayandikana kwambiri, ndipo dziko lathu limafika pamalopo chaka chilichonse cha m'ma 13 Epulo.

Wina afunsa kuti, nanga bwanji sitikumana nawo chaka ndi chaka? Taganizani za pamene msewu umadutsa njanji ya ku Moatize. Ngolo zimaoloka pamenepo tsiku ndi tsiku popanda ngozi. Ngozi imafuna zinthu ziwiri: malo amodzi ndi nthawi imodzi. Dziko limamaliza ulendo wake m'masiku 365. Mwala wa Apophis umamaliza wake m'masiku 324. Dziko likamafika pa mphambano, mwala umakhala uli kwina.

Tichite samu pa bolodi. Zaka 8 za dziko: 8 kuchulukitsa ndi 365, yankho ndi 2,920. Maulendo 9 a mwala: 9 kuchulukitsa ndi 324, yankho ndi 2,916. Manambala awiriwa ali pafupifupi ofanana. Tanthauzo lake ndi lakuti pakapita zaka 8, dziko ndi mwala zimayandikananso. Zidatero m'chaka cha 2013, zidateronso mu 2021, ndipo zidzatero mu 2029. Samu imene mwachitayi ndi chiyambi cha samu yomwe akatswiri amachita. Iwo amangoonjezera manambala ambiri ndi makina owerengera.

MAWU AKUTI "UNGAKHALE WOOPSA"

M'mabuku a akatswiri, Apophis adaulemba m'gulu la miyala imene ingakhale yoopsa. Mawu amenewa ndiwo amaopsa anthu. Timve tanthauzo lake.

Mwala umalowa m'gululi ukakwanitsa zinthu ziwiri. Choyamba, ukhale waukulu mamita pafupifupi 140 kapena kuposa. Chachiwiri, njira yake iyandikire njira ya dziko pa mtunda wosaposa makilomita 7.5 miliyoni. Mtunda umenewu ndi ngati kupita kumwezi maulendo pafupifupi 20. Miyala ya m'gululi yodziwika ndi yoposa 2,000.

Kulembedwa m'gululi sikutanthauza kuti mwala ukubwera kudzatigunda. Kukutanthauza kuti mwalawo uyenera kuyang'aniridwa. Mudzi wa m'mbali mwa mtsinje umaika chikhomo pagombe, n'kumaona m'mene madzi akukwerera. Anthu a m'mudzimo sathawa m'nyumba zawo tsiku lililonse. Amayang'ana chikhomo.

Tisabisenso choona. Mwala wa msinkhu wa Apophis utagwa, ungaononge dera lalikulu, ndipo utagwera m'nyanja ungautse mafunde oopsa. Koma sungathe dziko lonse. Mwala umene udapha zilombo zikuluzikulu zakale, zaka 66 miliyoni zapitazo, udali wa makilomita pafupifupi 10 m'mimba mwake. Poyerekeza ndi umenewo, Apophis ndi kamwala.

NYEMBA 37 M'LICHERO

Mphekesera imene mudamva ili ndi pamene idachokera. Idayamba mu Disembala 2004.

M'mwezi wa Juni chaka chimenecho, amuna atatu aja adauona mwalawu usiku uwiri wokha, kenaka udasowa. Pa 18 Disembala udaonekanso ku Siding Spring, m'dziko la Australia. Akatswiri atayamba kuwerengera njira yake, adaona kuti pa 13 Epulo 2029 udzadutsa pafupi kwambiri ndi dziko. Koma zoyeza zidali zochepa, ndipo sakanatha kuloza malo enieni.

Taganizani kuti mwaona munthu kutali, pa chifunga cha m'mawa, akubwera kumudzi. Mwamuona akuyenda mapazi awiri okha. Simunganene nyumba imene akupita. Mungonena kuti akulowera cha uku. Akayenda mapazi ena, nyumba zina mumazichotsa pa chiwerengero. Ngati nyumba yanu idakali mwa zotsalazo, mwayi wakuti akubwera kwanu umaoneka ngati ukukula. Akayandikira ndithu, mumaona kuti akulambalala, akupita kwa anansi.

Ndi mmene zidachitikira. Tsiku ndi tsiku nambala inkakwera. Pa 27 Disembala 2004 idafika pa 1 mwa 37. Ndabwera ndi lichero ili. Muli nyemba 37: zoyera 36, yakuda imodzi. Tsinzinani, mutole imodzi. Kutola yakuda n'kovuta, koma palibe amene angagone tulo ngati nyemba yakudayo ikuimira tsoka la dera lonse. Pa muyeso wa Torino, umene umayambira pa 0 kulekeza pa 10, Apophis adauika pa 4. Palibe mwala wina umene udafikapo pamenepo.

Kenaka anthu ena adafufuza m'zithunzi zakale, ndipo adapeza mwalawu pa zithunzi zojambulidwa mu Malichi 2004, miyezi itatu usanadziwike. Mapazi a munthu wa pa chifunga uja adachuluka. Atawerengeranso, adapeza kuti dziko latuluka m'malo amene mwala ungadutse. Nyemba yakuda idachoka m'lichero chaka cha 2004 chisanathe.

Onani phunziro lake. Chimene chidathetsa mantha chidali chithunzi chosungidwa bwino, cholembedwa tsiku ndi nthawi yake. Nkhani yoopsa ija idakali kuyenda pa mafoni mpaka lero. Nkhani yoikonza, imene idatuluka sabata yomweyo, idatsalira m'mbuyo.

KUYEZA KUDAPITIRIRA

Akatswiri sadalekere pamenepo. Mwala ukadutsa pafupi ndi dziko, mphamvu yokoka ya dziko imakhotetsa njira yake. Iyi ndi mphamvu yomwe imagwetsa mango pansi. Funso lidali lakuti, njira ikadzakhota mu 2029, kodi mwala sudzabwerera n'kutigunda m'chaka china? Zaka ziwiri zidakayikitsa: 2036 ndi 2068.

Padalinso vuto lina laling'ono. Mukudziwa kuti thanthwe likaombedwa ndi dzuwa masana, limatulutsa kutentha madzulo. Mwala wakuthambo umachita chimodzimodzi, ndipo kutentha kotulukako kumaukankha pang'onong'ono. Kwa Apophis, kukankhaku kumachepetsa njira yake ndi mamita pafupifupi 200 pa chaka. N'zochepa, koma pa zaka makumi ambiri zimaunjikana. Nazonso zidayenera kuyezedwa.

Chida chimene chidathandiza kwambiri ndi rada. Mukafuula pafupi ndi phiri, mawu amabwerera. Phiri likakhala kutali, mawu amachedwa kubwerera. Rada imatumiza mafunde a wailesi ku mwala, n'kuyeza nthawi imene atenga kuti abwerere. Mwala utayandikira mu Januwale 2013, zoyeza zidachotsa chaka cha 2036. Utayandikiranso mu Malichi 2021, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 17 miliyoni, mbale yaikulu ya rada ya mamita 70 ya ku Goldstone, ku California, idatumiza mafunde, ndipo mbale ina ya ku Green Bank idawalandira. Mwezi womwewo bungwe la NASA lidalengeza kuti mwala wa Apophis sudzagunda dziko kwa zaka zosachepera 100, ndipo lidauchotsa pa mndandanda wa miyala yokayikitsa.

Kuchokera 2004 kufika 2021 ndi zaka 17. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

USIKU WA PA 13 EPULO 2029

Tsikuli lidzakhala Lachisanu. Mwala udzadutsa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32,000 kuchokera pa nthaka ya dziko. Kodi ndi pafupi kapena kutali? Tiyeze ndi mpira wamiyendo uwu.

Mpirawu ukhale dziko. Mwezi ukhala lalanje laling'ono, loikidwa mamita 6 ndi theka kuchokera pa mpira. Mwezi weniweni uli pa makilomita 384,400. Dzuwa likhala kutali makilomita awiri ndi theka, kupitirira dimba la kumtsinje. Mwala wa Apophis udutsa pa theka la mita kuchokera pa mpira, mtunda wochoka pa chigongono kufika kunsonga ya chala. Pa muyeso umenewu mwalawo ndi wochepa kuposa kafumbi kamodzi ka ufa woyera.

Choncho ndi pafupi ndithu. Makina a setilaiti amene amatumiza zithunzi za wailesi yakanema ali pa makilomita pafupifupi 36,000, ndiye kuti mwala udzatsika kuposa iwo, ngakhale kuti njira yake yopendekera sidzalowa m'mzere wawo. Komabe pakati pa mwala ndi dziko padzatsala mpata wokwanira maiko awiri ndi theka onga lathuli.

Nkhani yabwino ndi iyi. Pa nthawi imeneyo kudzakhala kuli usiku ku Africa, ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia. Ife a kuno ku Mozambique tili pakati pa anthu amene adzauone ndi maso, popanda telesikopu, ngati mitambo sidzatchinga. Mwezi sudzakhalapo usiku umenewo, choncho thambo lidzakhala lakuda bwino. Ife a kumudzi, kumene kulibe magetsi ambiri, tidzaona bwino kuposa a m'mizinda.

Mudzaona chiyani? Kadontho kowala ngati nyenyezi wamba, kosakhala m'gulu la zowala kwambiri. Sikadzakhala ndi mchira, moto kapena phokoso. Chokazindikiritsa n'chakuti kadzayenda pakati pa nyenyezi zina, kulowera chakumadzulo. Madzulo kadzayenda pang'onopang'ono, ndipo usiku ukamakula kadzafulumira. Pa liwiro lake lalikulu kadzadutsa mpata wofanana ndi kukula kwa mwezi wathunthu pa mphindi imodzi. Mwala udzayandikira kwambiri kutatsala mphindi pafupifupi 15 kuti ikwane 12 koloko usiku, nthawi ya kuno. Ndi bwino kuyamba kuyang'ana mukangodya nsima yamadzulo.

Usiku umenewo dziko silidzagwedezeka, mvula sidzasintha, mbewu sizidzapsa. Umene udzasinthe ndi mwalawo. Dziko lidzaukoka ndi kukhotetsa njira yake. Chaka chake chidzatalika kuchoka pa masiku 324 kufika pa miyezi pafupifupi 14, ndipo mbali yaikulu ya njira yake idzakhala kunja kwa njira yathu. Akatswiri akufuna kuona ngati kugubuduzika kwake kudzasinthe. Chombo cha OSIRIS-REx, chimene chidabweretsa dothi la mwala wina wotchedwa Bennu pa 24 Seputembala 2023, chidapatsidwa dzina latsopano lakuti OSIRIS-APEX ndi ulendo wopita ku Apophis. Bungwe la United Nations nalo lidasankha 2029 kukhala chaka chophunzitsa anthu za miyala yakuthambo ndi za kuteteza dziko.

MIYALA IMENE SITIDAIONE

Ndikanama ndikanena kuti kuthambo kulibe choopsa. Mwala wodziwika njira yake, ngati Apophis, sudetsa nkhawa. Wodetsa nkhawa ndi umene sudapezeke. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pa 30 Juni 1908 mwala udaphulika m'mwamba ku Tunguska, m'nkhalango za ku Siberia, ndipo udagwetsa mitengo pa malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 2,000. Pa 15 Febuluwale 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 udaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk, ku Russia. Palibe amene adauona ukubwera, chifukwa udachokera mbali ya dzuwa. Anthu pafupifupi 1,500 adavulala, ambiri ndi magalasi a mazenera. Adaona kuwala, adathamangira kuzenera kukasuzumira, ndipo mphepo ya kuphulikako idafika pambuyo pake n'kuswa magalasi. Sungani phunziro ili: mukaona kuwala kwakukulu kwachilendo kuthambo, talikirani zenera.

Kuyang'anira kukupita patsogolo. Pa 2 Juni 2018 mwala waung'ono udaoneka maola ochepa usanafike, ndipo udapsa pamwamba pa Botswana popanda kuvulaza munthu. Zidutswa zake zidatoledwa m'chipululu cha Kalahari. Pa 26 Seputembala 2022 chombo cha DART chidagunditsidwa dala pa mwala wotchedwa Dimorphos, umene sunkaopseza dziko, kuti aone ngati njira ya mwala ingasinthidwe. Idasinthadi. Dimorphos ankazungulira mwala unzake wokulirapo m'maola 11 ndi mphindi 55, ndipo nthawiyo idachepa ndi mphindi zoposa 30. Kukankha kotere kumathandiza ngati mwala wapezeka kudakali zaka zambiri. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kupeza, kuyeza ndi kulemba.

Ndipo nkhani ya nyemba idabwerezedwa. Mwala wotchedwa 2024 YR4 udapezeka mu Disembala 2024. Mu Febuluwale 2025 mwayi wakuti ugunda dziko m'chaka cha 2032 udakwera kufika pa 3 mwa 100. Patapita masiku ochepa, zoyeza zatsopano zidatsitsa nambalayo kufika pafupi ndi 0. Mudzamvanso nkhani zotere. Mukazimva, kumbukirani munthu wa pa chifunga uja.

NTCHITO YATHU

Anzanga, chaka cha 2029 chikamayandikira, mphekesera zidzachuluka. Padzapezeka anthu okuuzani kuti gulitsani mbuzi zanu motchipa, popeza dziko likutha. Muwafunse chifukwa chake iwo akuzigula. Munthu akabwera ndi nkhani ya mwala, mufunseni mafunso anayi. Dzina la mwalawo ndani? Ndi waukulu mamita angati? Udzadutsa tsiku liti? Udzadutsa pa mtunda wa makilomita angati? Wosatha kuyankha mafunsowa wangomva, sadawerenge.

Inu lero mungathe kuyankha onse anayi. Tsegulani makope. Tilembe pamodzi, pang'onopang'ono, aliyense ndi dzanja lake:

Dzina: Apophis.
Kukula: mamita 340.
Tsiku: 13 Epulo 2029.
Mtunda: makilomita 32,000.
Sudzagunda dziko.

Amene wamaliza athandize mnzake. Samalani ndi nambala yomaliza: pambuyo pa 32 pali maziro atatu.

Ntchito yakunyumba ndi iwiri. Yoyamba, werengerani banja lanu mizere isanuyi, ndipo mujambule pabwalo njira ziwiri zija, ndi mtondo ndi chingwe, kuti ana aone. Yachiwiri, werengetsani zaka zimene inu mudzakhale nazo mu 2029, ndi zimene mwana wanu wamng'ono adzakhale nazo. Mudzabwere ndi mayankho Lachiwiri.

Kwa amayi amene mudafunsa, zikomo chifukwa cha funso lanu. Latiphunzitsa tonse. Njerwa zija muziotche mvula isanayambe, ndipo mapeyala muziwathirira. Ndikupempha chinthu chimodzi. Pa 13 Epulo 2029 mudzatiyalire mphasa pakhonde la nyumba yatsopanoyo. Kalasi yonse idzabwera ndi makope, tidzayang'ane kumwamba, ndipo aliyense adzalembe nthawi imene wauona mwalawo.